Tsiku Limene Ndinatsekera Apongozi M'khola la Nkhumba

Ku Kabudula ndimapitabe, wina asakunamizeni kuti ndinathawako. Chimene chinasintha n'chakuti masiku ano ndikafika pakhomo pa apongozi, laputopu ndimaisiya m'chikwama, ndipo aliyense amakhala pamtendere. Ndikangoyamba kutsegula zipi, mumaona anthu akuyamba kuanula zimene anayanika.

Ntchito yanga ndi ya makompyuta. Ndimawakonza akafa, ndimalembera anthu timapulogalamu, ndipo ntchitoyi ndimaidziwa ndithu (ndanena zimenezi poyambirira dala, chifukwa kutsogoloku mukhoza kuyamba kukayika). Akazi anga, mayi a Tadala, kwawo ndi mudzi wina kufupi ndi Kabudula. Bambo awo, a Mbewe, ndi mkulu wa mpingo, munthu wofatsa, woyankhula pang'onopang'ono ngati akusankha mtedza wambewu. Mayi awo, a Nankhoma, ine ndi iwo sitiyang'anana. Si udani ayi, ndi ulemu wa chipongozi. Tikakumana panjira iwo amapatuka n'kupereka moni ali chapatali, ine n'kuyankha ndikuyang'ana mtengo. Chilichonse chimene akufuna kundiuza chimadzera mwa mwana wawo, ndipo takhala choncho mwamtendere chikwatirireni.

A Mbewe amaweta nkhumba m'khola la njerwa la zipinda zitatu, kuseri kwa nyumba. Chaka chimenecho msana unayamba kuwavuta, moti ndowa sankathanso kunyamula. Mwana wawo wamwamuna, alamu anga a Lefani, amakhalira kugulitsa zitsulo za njinga pa Nsaru, pakhomo amapezekapo mwa apo ndi apo. Choncho ntchito yotungira nkhumba madzi inagwera a Nankhoma, ndipo amene anawetapo nkhumba akudziwa mmene zimamwera. Mayi a Tadala anabwerako tsiku lina ali wodandaula.

"Amayi atha, bambo a Tadala. Mikono yatupa ndi ndowa."

"Zimenezo n'zazing'ono," ndinatero. "Zisiyeni m'manja mwanga."

Pakhomopo panali kale thanki, yodzazidwa ndi pampu ya sola kuchokera pachitsime. Munthu wamba akanangokoka paipi kuchoka pathanki kukafika kukhola, n'kuikapo mpopi, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine ndinaona kuti zimenezo angachite aliyense, ndipo mkamwini wa makompyuta sangachoke ku Lilongwe kukangoika mpopi. Ndinagula timipopi totseguka ndi magetsi, chipinda chilichonse kake. Ndinapeza kakompyuta kakang'ono ngati sopo wosambira, ndi batire. Cholinga changa chinali chakuti a Mbewe azikhala pakhonde, kudina batani pafoni, madzi n'kumathira okha momwera nkhumba.

Zikanathera pamenepo bwenzi lero ndili ngwazi. Koma ndikuyendayenda kumene amagulitsa zitsulo za magalimoto akufa, ndinaona timamota tokweza magalasi a galimoto. Nzeru inabwera. Bwanji zitseko za khola nazonso zisamatseguke ndi foni? Palibe anandipempha zimenezi. Ngakhale nkhumbazo sizinadandaulepo za zitseko. Koma ndinagula timamota titatu.

Loweruka lina ine ndi a Lefani tinakamanga zonse. Tinakumba ngalande ya paipi, tinasintha zitseko kuti zizikhwekhwereza m'mbali, ndipo bokosi la kakompyuta ndi batire tinalikhomera pakhoma la khola, pambali pa chitseko chapakati. Ndinayesa madzi paokha, anatuluka. Ndinayesa zitseko pazokha, zinayenda. A Lefani anavula chipewa.

"Akamwini, mlongo wanga sanataye nthawi," anatero. (Alamu angawa amanditcha akamwini akafuna kundiseka, ndiye kuti nthawi zonse.)

Ndinawauza kuti ndibweranso Loweruka lotsatira ndi mabatani a pafoni, tidzatsegulire ntchitoyo bwinobwino pamaso pa eni ake.

Tsopano mundilole ndifotokoze pang'ono za m'kati, apo ayi mudzaganiza kuti ndinalodzedwa. Pulogalamu yaikulu ndinailemba mu Python, chinenero chofewa chimene munthu amalemba ngati akucheza. Koma ntchito zokhudza mawaya ndinazilemba mu C, n'kuziika m'mafayilo apadera amene timawatcha malaibulale. Laibulale ili ngati mmisiri woitanidwa: pulogalamu ikadzuka imamuitana, n'kumamutuma potchula dzina la ntchito imene ikufuna. Ndinali ndi laibulale ya madzi ndi laibulale ya zitseko. Mayina a ntchito ndinawalemba m'Chichewa, ponyadira chinenero chathu. Mu ya zitseko munali "tsegula" ndi "tseka". Mu ya madzi munali "mwetsa" ndi "leka", zimene Python inkaitana, ndipo zimenezi nazo m'kati mwake zinkaitana "tsegula" ndi "tseka" wawo wa mpopi. Mayina ofanana, koma sizinandidetse nkhawa, chifukwa aliyense ankakhala kwake.

M'kati mwa sabata, ndili ku Lilongwe, ndinaona kuti m'malaibulale onse awiri ndinabwereza chigawo chimodzi, choyatsa ndi kuzimitsa magetsi pawaya. Mmisiri waluso sabwereza zinthu. Ndinachichotsa monsemo n'kuchipangira laibulale yakeyake, ya mawaya, kuti enawo azingobwerekako. Zinaoneka zaukhondo kwabasi. Kuyesa sindinayese, popeza kakompyuta kanali ku Kabudula, komanso chinali chinthu chaching'ono.

Loweruka tinakwera minibasi, tinatsika pa Nsaru, kenako kabaza wa njinga yamoto. Inali nyengo yokolola mtedza, kukuzizira, fumbi lili paliponse. Ine ndinavala malaya oyera. Titafika tinapeza pakhomo pali anthu. Amayi a mpingo anabwera kudzathandiza a Nankhoma kuthothola mtedza, ndipo anakhala pansi pa mango kumbali kwa nyumba, akuimba. Mtedza wothothola kale anauyanika pamasaka kuseri kwa khichini. A Lefani anali atalengeza kale kuti lero nkhumba zimwa madzi a pafoni, moti amayiwo ankandiyang'ana mwaulemu wina wake. A Mbewe anali atangobwera kumsonkhano wa akulu a mpingo, ndipo jekete sanavule.

Tinakhala pakhonde lakutsogolo, kumene khola silioneka. Ndinasankha dala pamenepo, kuti anthu aone kuti zimatheka munthu ali patali. Ndinatsegula laputopu, ndinatumiza pulogalamu yatsopano ku kakompyuta kaja, ndi kuilamula kuti idzuke. Inakana. Pasikirini panabwera mawu achingerezi akuti "undefined symbol", kutanthauza kuti laibulale ya zitseko ikufuna ntchito ina yotchedwa "yatsa" koma sikuipeza.

"Kodi zavuta?" anafunsa a Mbewe.

"Ayi bambo, ikungodzuka."

Vutolo ndinalizindikira nthawi yomweyo, ndipo ndikufuna mundiyamikire pamenepa. Python ikaitana malaibulale, mwa chizolowezi imaika aliyense m'chipinda chake, mayina ake osaoneka kwa anzake. Ntchito ya "yatsa" inali mu laibulale yatsopano ija ya mawaya, choncho enawo sankaiona. Mankhwala ake alipo, ndi mawu amodzi okha, RTLD_GLOBAL, amene amauza laibulale kuti mayina ake iwaike pabwalo, aliyense wobwera pambuyo awaone. Yofunika kuika mayina pabwalo inali imodzi yokha, ya mawaya. Koma ine malaibulale onse atatu ndinkawaitana ndi mzere umodzi, motsatana: mawaya, zitseko, madzi. Kuti ndiwalekanitse ndikanafunika kulemba mizere ingapo, apongozi akundiyang'ana. Ndinangoika mawu aja pamzere womwewo, onse atatu n'kuponya mayina awo pabwalo.

Pulogalamu inadzuka osadandaulanso. Mabatani anaoneka pafoni, okongola, abuluu: Madzi 1, Madzi 2, Madzi 3, Leka madzi, ndipo m'munsi mwake a zitseko.

"Ndipite kukhola ndikaone?" anafunsa a Lefani.

"Musavutike, alamu. Imani pathankipo, muike khutu papaipi. Tikatha tipitira limodzi, tikapeze momwera monse mwadzaza."

Ndinkafuna kuti onse akaone nthawi imodzi, ine ndili patsogolo. A Lefani anakaima pathanki, pangodya ya nyumba. Ndinapereka foni kwa a Mbewe ndi manja awiri.

"Bambo, dinani apa palembedwa Madzi 1."

Anavala magalasi, anayang'ana foniyo kwakanthawi, n'kudina ndi chala chamkombaphala mosamala ngati akuopa kuipweteka. Chapatali, kuseri kwa nyumba, kunamveka kaphokoso kakang'ono, nzwiii.

"Mwamva?" ndinatero. "Madzi amenewo."

"Paipi ili zii kuno," anatero a Lefani.

"Muli mpweya. Zimatero poyamba. Bambo, dinaninso Madzi 2."

Anadina. Nzwiii.

"Akamwini, kuno sikukuyenda kanthu."

"Khutu lanu linazolowera belu la njinga, alamu. Bambo, malizani yachitatu."

Anamaliza. Nzwiii. Ine ndinatsamira kumbuyo, n'kupinda mwendo. Ndinayamba kufotokozera a Mbewe kuti m'tsogolo muno tikhoza kuika kuti madzi azithira okha m'mawa uliwonse, iwo ali m'tulo. Ankagwedeza mutu mwaulemu.

Choyamba chimene ndinazindikira n'chakuti nyimbo ya amayi ija inaduka pakati pa mzere. Kenako kutsogolo kwa khonde kunadutsa nkhumba yaing'ono, yamawanga, osathamanga, ngati ikupita kumsika. A Mbewe anaiyang'ana pamwamba pa magalasi mpaka inakhota.

"Imeneyo ndi yanga," anatero.

Anandibwezera foni, anadzuka atagwira msana, n'kuzungulira kuseri. Nthawi yomweyo phokoso linabuka. Amayi ankakuwa, malichero ankagwa, wina ankaitana a Nankhoma. A Lefani anasiya thanki n'kuthamanga. Ndinamva mawu a mayi a Tadala akuti, "Mtedza, mtedza, zili pamtedza."

Zimene zinkachitika kuseriko ndinazimva pambuyo pake, koma ndikuuzeni tsopano kuti tiyendere limodzi. Zitseko zonse zitatu zinali pululu. M'chipinda choyamba munatuluka nkhumba zosinkhukirapo, ndipo zinalunjika pamasaka a mtedza ngati zinaitanidwa. M'chachitatu munatuluka yamphongo yaikulu imene a Lefani anaipatsa dzina loti Kapitawo, ndipo imeneyi sinataye nthawi ndi mtedza, inatsetsereka kulowera kumadimba. M'chipinda chapakati munali yaikazi imene inali itangoswa kumene. Nayo inatuluka kukaonako mtedza, tiana n'kutsala m'kati. A Mbewe, poona kuti tiana tina tayamba kulondola pakhomo, analowa m'chipindamo kuti atibweze.

Ine ndinali ndidakali pakhonde, ndikuganiza mwaukatswiri. Ndinalingalira kuti mwina timipopi titatu totseguka nthawi imodzi tasokoneza magetsi, n'chifukwa chake chinachake chalakwika kukhola. Chanzeru chinali kuzimitsa madziwo kaye. Ndinadina Leka madzi.

Nzwiii, katatu konse pamodzi.

Ndinathamangira kuseri ndi foni m'manja. Ndinapeza amayi atazinga nkhumba zosinkhukirapo zija, ndi zitenje ndi mapesi, atazifikitsa pakhomo penipeni pa chipinda chawo. Chitseko chinali chitangozitsekera kumaso. Nkhumbazo zinayang'ana chitseko, zinayang'ana amayi, n'kubalalika kudutsa m'miyendo mwawo.

"Zitsekozi zikuyenda zokha," anatero mayi wina, akubwerera m'mbuyo.

Inenso ndinaganiza chimodzimodzi. Chinthu chamagetsi chikayamba kuchita zachilendo, lamulo lake ndi limodzi. Ndinatsegula bokosi lija, n'kuzula waya wa batire. Kenako ndinatembenukira amayiwo.

"Musaope, amayi. Ndazimitsa zonse. Palibenso chimene chiyende."

M'chipinda chapakati munamveka kutsokomola.

"Bambo a Tadala."

"Wawa, bambo."

"Ndili m'kati muno."

Ndinasuzumira pakati pa mitengo imene ili pamwamba pa khoma. A Mbewe anali ataima pakati pa chipinda, jekete yawo ili bwinobwino, tiana ta nkhumba tikulira mozungulira nsapato zawo. Khomalo limafika pachifuwa, pamwamba pake pali mitengo yothithikana mpaka kudenga. Ngakhale munthu wa msana wabwino sakanatulukira pamenepo. Ndinakoka chitseko ndi manja. Sichinasunthe. Amene anayesapo kutsitsa galasi la galimoto ndi manja batire itafa akudziwa kuti kamota kaja kakagwira kagwira.

"Ndikutsegulirani pompano, bambo. Ndingobwezera waya."

Sindinabwezere. Yaikazi ija inamva ana ake akulira, inasiya mtedza, n'kubwerera. Inapeza chitseko chotseka, ndipo pambali pa chitsekocho pali munthu wa malaya oyera. Nkhumba ya ana ilibe chibale. Inatsitsa mutu, inatulutsa mawu amene sindinamvepo kwa nyama yoweta, n'kubwera.

Ndimathamanga bwino, ndinali wa mpira kusukulu. Vuto linali njira imene ndinasankha. Kumunsi kwa khola kuli kadzenje kumene kumathera zonse zimene amatsuka m'kholamo, ndipo pamwamba pake panali pouma moti pankaoneka ngati nthaka. Mwendo woyamba unalowa mpaka m'bondo. Wachiwiri unapitiriza ulendo wokha. Ndinagwa chafufumimba, manja onse m'kati, foni yokha ndi imene ndinaiponya patsogolo paudzu (ngakhale pamavuto, zipangizo ndimazisamala).

Nkhumbayo inaona kuti zakwana, inabwerera kuchitseko. Nditadzutsa mutu ndinaona mapazi awiri pafupi ndi nkhope yanga, ndi m'mphepete mwa chitenje chimene ndinkachidziwa. Chikwatirireni ndinali ndisanayandikanepo ndi a Nankhoma chotero. Iwo, posunga mwambo, anatembenuka n'kundipatsa msana. Ine, posunga mwambo, ndinayang'ana pansi, ngakhale pansipo panalibe chabwino choti n'kuyang'ana. Kenako anayankhula ndi mwana wawo, amene anaima chapatali atagwira pakamwa.

"Mayi a Tadala, tawafunsani bambo a Tadala ngati madzi aja afika."

Mayi a Tadala sanandifunse. Mapewa awo ankagwedezeka ndi kuseka.

Koma nkhani inali isanathe, ndipo apa panalibe choseketsa. Nkhumba ija inali ikugunda chitseko ndi mutu, thabwa likuchita kupindika. Chikanathyoka, kapena ndikanangotsegula ilipo, ikanalowa mwaukali n'kupeza munthu wamkulu wa msana wovuta ataima pakati pa ana ake. A Mbewe m'katimo anasunthira pangodya.

A Lefani anathamangira kukhichini n'kubwera ndi beseni la madeya onyowetsa. Anayamba kuinyengerera, akubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, nkhumbayo ikuyenda masitepe angapo n'kutembenukanso kumvera ana. Zinatenga nthawi. Atafika nayo kuseri kwa nkhokwe, amayi anayi anaima pakati atagwira chitseko chakale cha khichini ngati mpanda.

"Akamwini, chitani zanuzo msanga," anatero a Lefani, ndipo ulendo uno sankaseka.

Ndinabwezera waya. Kakompyuta kakazimitsidwa sikadzuka nthawi yomweyo, kamayamba kadziwerenga kaye, ndipo pulogalamu yatsopano ija ndinali ndisanaiike kuti izidzuka yokha. Pankafunika laputopu. Ndinayang'ana manja anga. Mayi a Tadala anamvetsa, anathamangira kukhonde n'kubwera nayo, anaiika pachitsa, ndipo ine ndinaima patali pang'ono (anandipempha kuti ndiime kumene mphepo ikupita) n'kumawatchulira chilembo chimodzichimodzi.

"Bambo a Tadala," anatero mawu a m'khola, modekha. "Kodi ndituluka lero?"

"Ikudzuka, bambo."

"Paja munatero pakhonde paja."

Mabatani anabwerera pafoni. Ndinauza mayi a Tadala kuti adine Chitseko 2, ngakhale pofika apa sindinkadziwanso kuti batani lililonse lichita chiyani. Nzwiii. Chitseko chinakhwekhwereza. A Mbewe anatuluka pang'onopang'ono, anapatuka, amayi anachotsa mpanda wawo, ndipo nkhumba inadutsa ngati mphepo kukalowa kwa ana ake. A Mbewe anasasa jekete, anayang'ana nsapato zawo, kenako anayang'ana ine kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Momwera ndi mouma," anatero. "Ndinali ndi nthawi yoyang'ana."

Zosinkhukirapo zija zinagwidwa imodziimodzi. Kapitawo anakapezeka m'dimba la anansi, atagona pakati pa mpiru ngati mwini munda, ndipo a Lefani ndi amuna ena awiri anachita kumukoka ndi chingwe. Mtedza wa pamasaka awiri unali wosaonekanso bwino, wina wodyedwa, wina wopondedwa. A Nankhoma anagwada n'kuyamba kutola wotsalawo umodziumodzi, ndipo zimenezi zinandipweteka kuposa kugwa kuja. Ndinasamba kawiri. Malaya oyera aja sindinawaonenso, ndipo sindinafunse. Anandibwereka buluku la a Mbewe, limene linkathera pakati pa msongolo.

Masana, anthu atachepa, ndinamanga zitseko zonse ndi waya, ndinazula timamota, n'kukhala panjerwa pafupi ndi khola ndi laputopu. A Mbewe anabweretsa mpando n'kukhala pambali panga. Sanandiletse, koma sanandisiyenso ndekha. Ndinaonjezera kamzere mu "tsegula" aliyense kuti akaitanidwa azinena kuti ndi wa kuti. Ndinadina Madzi 1. Pasikirini panalembedwa: wa zitseko.

Ndinayang'ana mawuwo kwakanthawi, kenako zonse zinaonekera poyera. Mayina akakhala pabwalo, kompyuta ikamafuna dzina siyamba yafunsa m'nyumba mwa woitanayo. Imayamba pabwalo, ndipo amene anafika poyamba ndi dzinalo ndi amene amavomera. Laibulale ya zitseko inaitanidwa ya madzi isanabwere. Ndiye ya madzi itati "tsegula", pofuna mpopi wake womwe, anavomera ndi "tsegula" wa zitseko. Itati "tseka", chimodzimodzi. Magetsi analibe vuto, timamota tinalibe vuto. Kudina kulikonse kwa madzi kunkapita kuchitseko, ndipo amene anatsekera apongozi m'khola ndi chala changa, podina Leka madzi.

Kukonza kwake sikunachedwe. Laibulale ya mawaya yokha ndi imene ndinaisiya pabwalo, zinazo ndinazibwezera m'zipinda zawo. Mayina ndinawasintha, wina "tsegula_mpopi", wina "tsegula_chitseko", ndipo a m'kati ndinawabisa kuti asamaonekenso kunja. Ndinadina Madzi 1. Kampopi kanalira tha, paipi inatsokomola, madzi n'kuyamba kuthira momwera. Nkhumba zinadzuka kukamwa. Ndinadina yachiwiri ndi yachitatu, zonse bwinobwino.

Ndinatembenukira a Mbewe kuti ndiwafotokozere, chifukwa ndinkafuna adziwe kuti si ine ndinalakwitsa kwenikweni.

"Mwaona bambo, m'katimu munali ntchito ziwiri za dzina limodzi. Poitana ina, inavomera inzake."

"Zimachitika," anatero. "Kumpingo tili ndi a Banda atatu."

"Eya, ndi zomwezo ndithu."

"Koma a Bandawo anabadwa nalo dzinalo. Nanga izi, anazipatsa mayina ndani?"

"Ndine, bambo."

"Zonse ziwiri?"

"Zonse ziwiri."

"Oho."

Anayang'ana madzi akuthira. Kenako anati, "Madziwa akhale. Athandiza amayi anu. Koma timagalimoto tanuti mutenge, zitseko tizitsegula ndi manja monga kale."

Ndinayesa kunena kuti tsopano vuto latha, zitseko sizingasokonezekenso. Anakweza dzanja pang'ono, ndipo ndinasiyira pomwepo. Tsiku lonselo mpaka dzuwa kupendeka ndinakhala pansi pa mango ndikuthothola mtedza, ndi buluku langa lalifupi, amayi amene anatsala akundipatsa mapesi a mtedza mwaulemu ndi kumayang'ana kumbali. Mmodzi yekha ndi amene analephera kupirira.

"Achimwene, umenewu sitithothola ndi foni, eti?"

Madzi aja akuyenda mpaka lero, ndipo ndikufuna zimenezi zilembedwe penapake. A Nankhoma ndowa anasiya, mikono inaphwa, ndipo anatumiza mwana wawo kudzandiuza kuti zikomo, pamodzi ndi kathumba ka mtedza (sindinafunse ngati unali wa pamasaka aja). A Lefani amati a Mbewe amadina okha foni m'mawa uliwonse, koma pakhonde sakhala. Amapita kukaima kutsogolo kwa khola, patali pang'ono, maso ali pazitseko zomanga ndi waya, ndipo amayamba afunsa ngati m'katimo mulibe munthu.

Phunziro ndinatolapo, sindikana. Mayina a ntchito ndimawapatsa tsopano aatali ngati a mafumu, ndipo pabwalo ndimaikapo okhawo ofunika. Koma mukaiona bwino nkhaniyi, pa ntchito yonse ija cholakwika chinali mawu amodzi, ndipo ndinawapeza ndekha tsiku lomwelo. Si aliyense angatero. N'chifukwa chake mwezi wathawu ndinauza mayi a Tadala kuti ndaganiza za chigafa cha bambo awo: kachipangizo koyeza chinyezi, ndi zotchinga zotsika zokha mvula ikayamba, fodya asamanyowe.

Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo a Tadala, inu kwanu kulibe makolo? Mukayambire kwanu."

Ndinaona kuti akunena zoona. Amayi anga ku Mpingu ali ndi khola la mbuzi, ndipo nkhani ya ku Kabudula sinawafikebe. Timamota tija ndikadali nato.